Abiti Selemani, Amuna a Zipewa ndi Amphaka a M'foni

Abiti Selemani anamwalira Lachinayi m'mawa, ndipo pamene uthenga unkandipeza ku Nkhudzi komwe ndikugwira ntchito tsopano, anali ataikidwa kale. Anzathu achisilamu sagoneka maliro. Ndinakwera minibasi m'mawa mwake, ndipo nditafika ku boma ku Mangochi ndinapeza azimayi okhaokha pa mikeka, amuna atabalalika. Mayi wina anandifunsa kuti ndine mbale wa mbali iti. Ndinangoti, "Ndinali mnzawo wa m'kalasi."

Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaseka pang'ono misozi ili m'maso.

"Ndinu a Tiyamike eti? Khalani apa. Ankakutchulani."

Ndinawadziwa ku sukulu ya masana, ija timalowa ana a m'mawa akaweruka, ife amene sukulu inatipulumuka panjira. Tsiku loyamba ndinkayesa ndi kholo lodzadandaula za mwana wake. Anali mayi wamkulu wa zaka zoposa makumi asanu, wamfupi, wojintcha, mpango utaphimba mpaka m'mapewa, makope ali m'jumbo. Anadzakhala pa desiki yanga, nandiuza kuti ndisunthe pang'ono chifukwa Mulungu anawapatsa thupi lofuna malo. Anyamata a kumbuyo anayamba kunong'onezana kuti kwabwera agogo. Iwo anatembenuka, nawapatsa moni mmodzimmodzi, kufunsa aliyense kuti ndi mwana wa yani. Zinapezeka kuti amayi a anyamata ambiri aja amagula nsomba pa benchi yawo kumsika. Manong'onong'o anathera pomwepo.

Sukulu anaiyamba ali kale ndi zidzukulu. Anayambira ya kwacha, atatopa ndi kudinda chala pamene anzawo akusayina. Atadziwa kulemba dzina sanaime. Analemba mayeso a Sitandade 8 pakati pa ana a msinkhu wa zidzukulu zawo, nakhoza, nabwera ku sekondale. Munthu akawafunsa kuti satifiketi akagwira nayo ntchito yanji pa msinkhu umenewo, ankayankha kuti iwo anangoiwala kusiya, poti sukulu ili ngati mtedza wokazinga, sungati nditoleko kamodzi kokha.

Sindinaonepo munthu wotanganidwa ngati iwo. Akaswali m'bandakucha ankapita kudoko kukapikula usipa ndi utaka. Kuchoka uko ndi kumsika. Dzuwa likafika pamutu ankasiyira benchi mnzawo, kuthamangira kunyumba kukaphikira amuna awo ndi zidzukulu, kenako kusukulu, thukuta lili kamukamu. Masiku ena ankakwera mapiri kupita ku Chiponde ndi madengu a nsomba zouma, kubwerako ndi nyemba. Ntchito ya kusukulu ankalembera pa benchi pomwepo, dzanja lina likuingitsa ntchentche. A Gondwe, aphunzitsi athu a Chingerezi, ankati kope la Abiti Selemani amalidziwa ndi mphuno asanaone dzina.

Ndi a Gondwe omwewo amene anayambitsa nkhani ya mabuku, ngakhale pambuyo pake ankakana. Tsiku lina anatiuza kuti wofuna Chingerezi aziwerenga chilichonse chimene wachipeza. Enafe tinangomva. Abiti Selemani anapita kwa bambo wina amene ankayala mabuku akale pansi pafupi ndi depoti, nasankha limodzi chifukwa pachikuto panali hatchi ndi ngolo. Linawatengera teremu yonse, chala chili pa mzere, dikishonale ili pambali. Atalimaliza anabwerera kwa bambo uja kukafunsa ngati buku lija lili ndi abale ake. Linali nawo ambiri.

Onse anali a mtundu umodzi. Nkhani zake zinali za kale ku America, pamene anthu ankasamuka pa ngolo kupita kumadera opanda misewu, kumene boma silinafike. Mumakhala mkazi, mwina wamasiye, mwina mtsikana wopita kukakwatiwa ndi mwamuna amene sanamuonepo. Mumakhalanso mwamuna woweta ng'ombe, wa chipewa chachikulu, wosalankhulalankhula, wa chipsera kumaso. Awiriwa amayamba ndi kudana, amathera m'banja. Abiti Selemani ankangowatcha amuna a zipewa. Nditawafunsa kuti satopa bwanji ndi nkhani imodzimodzi, anati nanga ine ndinatopa liti ndi kumwa tiyi.

Azimayi a pa zikuto ankakhala mapewa ali pamtunda. Zimenezi sizinkawasangalatsa, choncho buku lililonse likafika m'manja mwawo ankayamba atenga bolopeni ndi kumujambulira mayiyo mpango mpaka pachifuwa. Akafika pa masamba amene awiri aja alowa m'chipinda, ankanyowetsa chala ndi kutembenuza atatu kapena anayi nthawi imodzi.

"Atseka chitseko awa," ankatero. "Ife tidikire panja."

Ankawakonda anthu a m'mabukumo, koma ankawadzudzula ngati achibale. Ankati sasamba, sapatsana moni, ndipo amalowa m'banja popanda ankhoswe. Mkazi akakana mwamuna wabwino chifukwa cha kunyada, ankatseka buku ndi kumukalipira m'Chiyao, anthu ogula nsomba n'kumadabwa kuti alakwa chiyani.

Amphaka anabwera ndi foni. Mwana wawo wamwamuna amene ali ku Joni anawatumizira foni yaikulu kuti azionana nkhope akamalankhula, ndipo m'menemo munali kakanema ka mphaka wonenepa amene anafuna kudumphira pa kabati, naphonya, nagwa ngati thumba. Anakaonera kambirimbiri. Kenako anatulukira kuti timakanema totere tilipo tosawerengeka, ndipo kumsika kuli malo oikitsa m'foni. Amphakawo ankawapatsa mayina a anthu. Wina woyenda monyada anali bwana wa msika. Wina woopa nkhaka, amene ankadumpha m'mwamba akaiona kumbuyo kwake, anali kondakitala wa minibasi ya ku Chiponde akaona apolisi. Kuseka kwawo kunkayamba mwakachetechete, mapewa okha akugwedezeka, desiki yathu n'kumanjenjemera, kenako kunkaphulika, iwo akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

Chodabwitsa n'chakuti mphaka weniweni sankamufuna. Akayandikira nsomba zawo ankamuponyera nkhwaira. Ankati mphaka wabwino ndi wa m'foni, chifukwa sadya usipa.

Ndi a Gondwe ankakangana kawirikawiri. Aphunzitsiwo ankati mabuku a zipewa ndi zinyalala, ndipo akuwononga zolemba zawo. Zinali zoona pang'ono. Titapatsidwa chimangirizo cha ulendo wosaiwalika, Abiti Selemani analemba za ulendo wa ku Chiponde, koma munagwa chipale, ndipo dalaivala anali ndi mfuti m'chiuno. A Gondwe analemba ndi inki yofiira kuti ku Mangochi chipale chinagwa liti. Iwo anapita kutsogolo ndi kope lawo.

"Aphunzitsi, munati tilembe ulendo wosaiwalika. Wopanda chipale uja ndinauiwala."

Tsiku lina foni inalira ngati mphaka pakati pa phunziro. A Gondwe anailanda, poti lamulo linali limodzi kwa onse, ndipo Abiti Selemani sanatsutse. Titaweruka ndinawaperekeza kukaipempha ku ofesi ya aphunzitsi. Tinapeza aphunzitsi aunjikana pa tebulo limodzi, a masamu akugwira m'mimba ndi kuseka. A Gondwe anaipereka nkhope ili gwa, nati foniyo inayaka yokha.

Amuna awo, Che Amadu, anali telala. Ankasokera pakhonde la nyumba yawo, bambo wamtali, wowonda, wa mawu ochepa kwambiri. Sukulu sankaikana poyera, koma ankadandaula kuti chakudya chamasana chimabwera chothamanga. Chimene chinkawapweteka kwenikweni chinali mabuku aja. Ine ndili pomwepo tsiku lina, analoza kofia yawo nati m'nyumba muno mulinso mwamuna wa chipewa, koma palibe amene amamuwerenga. Ulendo wina anatenga buku limodzi n'kuchirikizira mwendo wa makina osokera umene unkagwedera. Abiti Selemani atabwera anachotsa buku, naikapo nkhwaira ya Che Amadu, ndipo bamboyo anaifunafuna mpaka nthawi ya swala itatsala pang'ono kudutsa. Anakhala osalankhulana mpaka Lachisanu. Koma ndi Che Amadu omwewo amene, ataona jumbo ya makope yang'ambika, anasoka chikwama cha zigamba za nsalu zotsala, chokhala ndi thumba lapadera lokwana buku limodzi laling'ono. Anangochipachika pachitseko.

Chifukwa chenicheni chimene ankakondera mabuku amenewa ndinachimva pa tchuthi china, nditawaperekeza ku Chiponde. Pokwera mapiri, ena tikugwira pakamwa chifukwa cha makona, iwo ankawerenga ngati ali pa mkeka. Titagulitsa nsomba tinakhala pamthunzi pafupi ndi pamene njinga zamoto zimadikirira anthu owoloka malire. Analoza ndi chibwano tsidya linalo.

"Kwathu ndi uko."

Anandiuza kuti anabadwira ku Mozambique, ndipo nkhondo itafika m'mudzi mwawo anali namwali. Anathawa wapansi ndi amayi awo ndi ang'ono awo, katundu pamutu. Bambo awo, Che Selemani, anali atatupa miyendo ndipo sankatha kuyenda. M'mudzimo munalibe ngolo ngakhale njinga. Bamboyo anawauza kuti atsogole, iwo adzawapeza miyendo ikaphwa. Sanawaonenso. Nkhondo itatha anapitako, napeza pamene panali nyumba pamera mitengo.

"Ndiye ndikamawerenga za mayi ali pa ngolo, sakudziwa kumene akagone, chilankhulo cha kumeneko sakuchidziwa, ndimati ameneyu ndikumudziwa," anatero. "Koma pali chimodzi chimene amanama. Amati dziko linali lopanda eni. Dziko lopanda eni kulibe, mwanangu. Eni ake anawathamangitsa, n'chifukwa chake amangowaonetsa patali pa phiri. Ife titafika kuno tinapeza eni, ndipo anatisunthira."

Ndinawafunsa za Che Amadu. Anaseka, nati atatsikira ku boma anali ndi diresi imodzi yokha, yong'ambika paphewa. Anabwereka chitenje, napita nayo kwa telala wachinyamata amene ankasokera pakhonde la sitolo. Telalayo anasoka osadzutsa mutu. Pobweza diresiyo anangoti abwerenso mawa, chifukwa phewa linalo nalonso latsala pang'ono.

"Ndipo linali litatsala pang'ono?"

"Linali labwinobwino."

"Ndiye mwamuna wanu wa chipewa ndi ameneyo."

"Hatchi analibe," anatero, akumanga madengu.

Tili Fomu 4, mvula itangosiya, mayeso akuyandikira, Che Amadu anagwa pa makina awo. Anawapeza ndi mayi woyandikana nawo nyumba. Kuchipatala anakhalako ndithu, ndipo pobwera mbali yonse ya kumanja inali itafa. Mawu anatsala ochepa, otuluka movutikira. Anagona moyang'ana kukhoma, chakudya akuchikana. Abiti Selemani anasiya msika, anasiya sukulu. Ine ndinkawapititsira makope kuti akopere zimene taphunzira, koma makopewo ndinkawapeza pamene ndinawasiya.

Kunabwera alamu awo, Abiti Kassimu, mlongo wa Che Amadu, kuchokera kumudzi. Anali mayi wolimba, wokonda mchimwene wake, ndipo sukulu ya alamu awo sanaivomerezepo. Tsiku lina ndinawapeza akulankhulana pakhomo la chipinda.

"Achimwene anagwa ali okha," ankatero Abiti Kassimu. "Inu munali kuti? Munthu wamkulu, wa zidzukulu, kumakhala pa desiki ndi ana, kumawerenga za azungu opsopsonana, kumaseka amphaka ngati wozungulira mutu. Zakwana. Ngati sukulu simuisiya, ine ndiwatenga achimwene ndikawasamalire kumudzi."

"Sukulu ndasiya, alamu. Simukuona?"

"Mwasiya ndi miyendo. Mtima uli komweko."

Abiti Selemani atandiperekeza panja anandiuza kuti ndisavutikenso ndi makope. Nkhope yawo inali itagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona kuti ndi munthu wokalamba.

Zimene zinachitika m'chipindamo masiku otsatira anadzandiuza pambuyo pake. Posowa chochita ndi munthu amene sakulankhula, anayamba kumawawerengera buku la zipewa, akumasulira m'Chiyao mzere ndi mzere. Che Amadu ankangotsinzina. Abiti Selemani sankadziwa ngati akumva kapena akudana nazo. Masana ena, atatopa, anakhala m'mphepete mwa bedi natsegula foni kuti adzipepese okha ndi mphaka wonenepa uja wa pa kabati. Anamva kaphokoso kumbuyo kwawo, nadzidzimuka poganiza kuti amuna awo atsamwa. Atatembenuka anapeza bamboyo atembenuza mutu kuchoka kukhoma, diso lili pa foni, theka la pakamwa likuseka, theka linalo lili phee. Anabwereza kakanemako. Che Amadu anasekanso, mpaka dovu kutuluka. Tsiku limenelo anamwa phala.

Patapita masiku, anthu a kumzikiti anabweretsa chikuku, kuti wodwalayo azitulukako panja kuwothera dzuwa. Sindikhulupirira kuti ankadziwa kumene chikukucho chidzafike.

Linali Lolemba masana, a Gondwe ali pa bolodi, pamene wina wa pawindo anati, "Taonani!" Tonse tinaimirira. Pa geti ya sukulu pankalowa Abiti Selemani, chikwama cha zigamba chili paphewa, akukankha chikuku mumchenga. Matayala ankatitimira, iwo n'kuweramira kutsogolo, kukankha, kupuma, kukankhanso. M'chikukumo munali Che Amadu atavala mkanjo woyera ndi kofia, dzanja lakufa lili pamiyendo. Kumbuyo kwawo kunkabwera Abiti Kassimu ndi ambulera, akuphimba mchimwene wawo kwinaku akukalipa mosalekeza. Kuchokera kunyumba kwawo kufika kusukulu ndi mtunda woti munthu wopanda katundu amafika atatuluka thukuta.

Ahedi anatuluka mu ofesi nawaimitsa pabwalo. Sanali munthu woipa. Anati akumvetsa, koma pano ndi pasukulu, si chipatala, ndipo bamboyo atadwalika pano mlandu ukhala wa yani. Abiti Kassimu anaombera m'manja, nati ndi zomwe akhala akunena njira yonse, kuti uku ndi kumuyalutsa munthu wolemekezeka pamaso pa ana.

Abiti Selemani anapukuta nkhope ndi mpango. Ankapumira m'mwamba.

"Ahedi, kunyumba sindingawasiye, chifukwa ndikachoka sadya. Mayeso sindingawasiye, chifukwa sindikudziwa ngati chaka chamawa ndili nacho. Bambo anga ndinawasiya chifukwa kunalibe ngolo. Lero ngolo ilipo."

Ahedi sankaidziwa nkhani ya bambo awo. Abiti Kassimu ankaidziwa, ndipo ambulera inatsika pang'ono.

Kenako Abiti Selemani anachita chinthu chimene palibe anali atachiganizira. Anazungulira kutsogolo kwa chikuku, nagwada mumchenga kuti nkhope zawo zifanane.

"Che Amadu, anthu akukulankhulirani ngati mulibe. Nenani nokha. Ngati ndakuchititsani manyazi, tibwerere pompano, ndipo sindidzabweranso kuno."

Che Amadu anayang'ana mlongo wawo, nayang'ana ife amene tinadzaza mawindo. Pakamwa panagwedera nthawi yaitali popanda chotuluka. Kenako anakweza dzanja lamoyo lija, naloza chitseko cha kalasi.

"Ajende," anatero. M'Chiyao ndiye kuti pitani.

A Gondwe ndi amene anathetsa nkhaniyo. Anauza ahedi kuti pakhonde la kalasi yathu pali mthunzi mpaka madzulo, ndipo lamulo loletsa mwamuna kudikira mkazi wake iwo sanalionepo. Anyamata aja amene ankanong'ona za agogo ananyamula chikuku ndi mwini wake yemwe kukweza pakhonde. Abiti Selemani anamangirira foni ku chogwirira cha chikuku ndi mphira, natsegula amphaka, nachepetsa mawu, nalowa kudzakhala pambali panga. Tsamba loyamba ndinawalembera ndine, iwo akupumulako.

Kuyambira tsiku limenelo mpaka mayeso, Che Amadu ankabwera masana alionse. Tinazolowera kumva kuseka kwawo kwa mbali imodzi kukulowera pawindo pakati pa masamu. Abiti Kassimu kumudzi sanabwerere. Ankati akubwera kudzaonetsetsa kuti achimwene asapse ndi dzuwa, ndipo ankakhala pambali pawo nkhope atayang'ana kwina. Koma tsiku lina tinamva kuseka kwa anthu awiri. Titawafunsa anati anatsokomola. Masiku a mayeso enieniwo, pamene munthu wakunja saloledwa pafupi, ndi iwo amene anatsala ndi wodwala kunyumba, ndipo anawauza alamu awo kuti apite asatembenuke.

Zotsatira zitatuluka, Abiti Selemani anakhoza Chingerezi bwino kuposa ambiri a ife. A Gondwe anawagwira chanza, nati komabe mabuku aja ndi zinyalala. Koma satifiketi inawapulumuka ndi phunziro limodzi, ndipo linali masamu. Izi zinawawawa kwambiri. Ankati iwo sanalakwitsepo chenji moyo wawo wonse, koma masamu a kusukulu amafunsa za zilembo zimene palibe amene anazigulapo. Anati adzalembanso.

Sanalembe chaka chotsatira, chifukwa Che Amadu anamwalira Ramazani itangotha, ali m'tulo masana pakhonde. Miyezi ija imene mkazi wachisilamu amabindikira m'nyumba amuna ake akamwalira, anaithera ndi mabuku awo, kubwereza onse kuyambira loyamba lija la hatchi ndi ngolo. Amphaka anawasiya kaye. Anandiuza kuti akatsegula foni amangodikira kuseka kwina kumene sikukubwera. Atatuluka anabwerera kumsika ndi ku Chiponde, koma thupi linali litayamba kukana. Kuchipatala anawapeza ndi shuga, ndipo maso anayamba kuchita chifunga.

Ulendo womaliza kuwaona unali miyezi ingapo yapitayo. Ndinawapeza atawonda, mpango ukuoneka waukulu. Anandiuza monyadira kuti alembetsanso mayeso a masamu, ndipo mdzukulu wawo wamkulu, amene tsopano ali ku sekondale, akuwalembera manambala akuluakulu pa katoni kuti aziona. Zilembo za m'mabuku a zipewa zinali zitawachepera. Anatulutsa limodzi nandipatsa kuti ndiwawerengere. Ndinawerenga, iwo atatsinzina, akundikonza ndikatchula dzina molakwika. Nditafika pamene mwamuna wa chipsera uja anagwira dzanja la mkazi wamasiye pakhomo la khola, anandigwira bondo.

"Tembenuza atatu."

"Amayi, ndine munthu wamkulu tsopano."

"Tembenuza atatu, ndikudziwa zimene zili apo."

"Mukudziwa bwanji, poti mumadumpha?"

Anatsegula diso limodzi nandiyang'ana, ndipo mapewa anayamba kugwedezeka. Tinaseka mpaka mdzukulu uja anatuluka kudzaona chimene chachitika. Pondiperekeza anandionetsa kuti amphaka anayambiranso. Foni ankaiika pafupi ndi mphuno kuti aone, ndipo anati wonenepa uja mpaka pano sanafikebe pa kabati, koma sasiya kuyesa, ngati iwo ndi masamu.

Sabata yatha ndinali ku boma ndipo ndinadzera kunyumba kwawo. Sadaka inachitika, achibale anabalalika. Mwana wa ku Joni anabwera ndi kubwerera, ndipo zidzukulu zinatengedwa ndi Abiti Kassimu kupita kumudzi. Pachitseko pali loko watsopano, mawindo atsekedwa ndi makatoni mkati. Pakhonde pamene pankakhala makina osokera patsala timaenje tinayi pa simenti. Chingwe choyanikira zovala chilipo, chopanda kanthu, ndipo mphasa zoyanikira usipa zaimikidwa kukhoma, chiswe chayamba kuzikwera.

Mbali imodzi ya khondelo pali kamtunda kotsetsereka ka njerwa ndi dothi, kotsikira pabwalo. Mayi woyandikana nawo anandiuza kuti Abiti Selemani anakaumba okha m'mawa wa Lolemba lija anayamba kupita kusukulu ndi chikuku, amuna a m'deralo atawauza kuti adikire mmisiri. Anakatsira ndi manja, ndipo zala zawo zikuonekabe m'dothimo, zazifupi, zonenepa, zolowera mbali imodzi. Mvula ya chaka chino yakadya m'munsi, njerwa ziwiri zagwa. Ndinazitola n'kuzibwezera m'malo mwake, ngakhale palibe amene adzatsikirepo. Kenako ndinakhala pamenepo pang'ono, mpaka mayi uja anandiitana kuti ndikamwe madzi.